Ndalama za pakhomo zikaoneka kuti zakwera, musathamangire kuwomba m'manja

Anzanga, pali chinthu chimene chimandiwawa ndikaona anthu akugawana ma graph a ndalama zimene mabanja a m'ma county (madera onga maboma athu) akumidzi ku America amapeza pa chaka. Munthu atenga nambala ya 2012, atenganso ya 2022, n'kujambula mzere wokwera, basi wagamula kuti anthu akumeneko zinthu zikuwayendera. Ine ndikukana. Mlanduwu sutha msanga choncho.

Nambala yake ndi ija amati median. Mukandandalika makomo onse kuyambira lopeza zochepa mpaka lopeza zambiri, ndalama za khomo limene lili pakatikati ndiyo nambalayo. Ndimaikonda, chifukwa mwini famu mmodzi wolemera sangaikokere m'mwamba monga amachitira ndi avareji. Koma dziwani kuti palibe amene amagogoda pakhomo lililonse kufunsa. Kalembera wa 2000 ndiye anali womaliza kukhala ndi fomu yaitali yofunsa za ndalama. Kuyambira 2005, Census Bureau, nthambi ya boma la America yoona za kalembera, imadalira kafukufuku wotchedwa American Community Survey, amene amasankha maadiresi pafupifupi 3.5 miliyoni pa chaka m'dziko lonselo. Mugawe maadiresi amenewa m'ma county oposa 3,000, mizinda ikuluikulu itenge gawo lake, ndiye muone kuti kumudzi kwatsala makomo angati.

N'chifukwa chake nambala ya chaka chimodzi imatuluka pa madera a anthu 65,000 kapena kuposerapo okha. Ma county ang'onoang'ono amalandira nambala yophatikiza zaka zisanu. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Imene akuitcha "ya 2022" kwenikweni ndi ya 2018 mpaka 2022, ndipo imene akuitcha "ya 2021" ndi ya 2017 mpaka 2021. Zaka zinayi mwa zisanuzo ndi zomwezomwezo! Ukaziyika pambalipambali n'kumati ndalama zakwera chaka chino, ukufanizira chinthu ndi mthunzi wake womwe. Census Bureau yeniyeniyo imalangiza kufanizira nyengo zosalowana, monga 2013 mpaka 2017 ndi 2018 mpaka 2022.

Ndiye pali kanambala kena kamene kamakhala pambali pa nambala yaikuluyo, margin of error, kosonyeza kuti kuyerekezako kungaphonye ndi zingati. Ameneka anthu amakadumpha, mwina chifukwa kamawononga kukongola kwa graph. Komatu kudera la anthu ochepa kamatha kukula kuposa kusintha kumene munthu akukondwera nako. Taganizirani Loving County ku Texas, kumene kalembera wa 2020 anapeza anthu 64 okha. Mabanja awiri atasamuka, khomo lapakati lija lasintha kale.

Za kukwera mitengo kwa zinthu sindichulutsa mawu. Mu 2022 mitengo ku America inakwera ndi 8 peresenti, ndiye dola ya 2012 si dola ya 2022. Musanafanizire, sinthani zonse zikhale m'madola a chaka chimodzi.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti, ngakhale masamu onse atakhala olondola, nambalayi siikuuzani za anthu omwewo. Onani McKenzie County ku North Dakota. Mafuta a ku Bakken atayamba kukumbidwa mwamphamvu, anthu anachoka pa 6,360 mu 2010 kufika pa 14,704 mu 2020. Obwera ndi malipiro a kumafuta akachuluka, khomo lapakati limakhala la mlendo. Gogo amene wakhala kumeneko moyo wake wonse akudalira penshoni, ndalama zake n'zomwe zija, chimene chamukwerera ndi lendi. Kwinanso zimachitika mosiyana: fakitale ikatsekedwa, osauka n'kusamuka kukasaka ntchito, median imatha kukwera pamene dera likufa. Kodi tinene kuti kumeneko kwatukuka?

Wina afunsa kuti nanga titaye nambalazi? Ayi ndithu, n'zofunika kwambiri. Palinso pulogalamu ya Census Bureau yotchedwa SAIPE imene imayerekeza chaka ndi chaka pa county iliyonse pophatikiza kafukufuku uja ndi zolembedwa za misonkho komanso za olandira thandizo la chakudya la SNAP, ndipo ziwerengero zake za umphawi ndi zimene boma limagwiritsa ntchito pogawa ndalama za Title I ku sukulu za ana osauka. Ndiye zimenezi zimafika mpaka m'kalasi mwa mwana.

Pempho langa kwa inu amene mumalemba ndi kugawana zinthu zimenezi ndi ili: lembani zaka zonse zisanu, osati chomaliza chokha, ikanipo margin of error, ndipo pambali pa mzere wa ndalamawo jambulaninso wa chiwerengero cha makomo. Ngati makomo akuchepa pamene ndalama zikukwera, yambani mwafufuza kuti amene anachokawo ndi ndani.