Tisamadikire mvula kuti itipopere septiki

Dzulo madzulo mvula itakata ndinadutsa kanjira kena ku Chinamwali ndikuchokera kumsika. M'ngalande munali madzi akuda bii, fungo lake losachita kufunsa. Ana atatu anali pomwepo akuyandamitsa timabwato ta mapepala, mmodzi atamiza mwendo mpaka m'bondo. Madziwo amatuluka pansi pa mpanda wa nyumba yooneka bwino, ya geti ndi malata openta. Mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo.

Khalidweli tonse tikulidziwa. Septiki, thanki ya pansi yolandira zonyansa za m'chimbudzi, ikadzadza, mwini nyumba amadikira mitambo ikute phiri, ndiye usiku mvula ili pakati amatuma mnyamata kuti avundukule kapena aboole pambali, zonse zipite ndi madzi. Kukacha amati wapulumutsa ndalama. Koma abale anga, Zomba ndi tawuni ya pamtsetse. Chochoka kumtunda chimatsikira kwa mnzako wakumunsi, chimalowa m'chitsime chake, chimakafika m'mitsinje ngati Likangala momwe amayi amachapa, ena n'kumathirira madimba. Mathero ake ndi nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Maliro aja tayiwala kale?

Ambirife timaganiza kuti tikagejemula ndiye kuti zatha. Inenso ndinkaganiza choncho, kufikira tsiku lomwe bambo wina wokonza mapaipi anandiitana kuseri kwa nyumba. Anavundukula septiki yanga, n'kuima patali kaye kuti mpweya utuluke. Kenako anatenga nsungwi yaitali, anakulunga kansanza koyera kumapeto, n'kuitsitsa mpaka pansi. Ataitulutsa, nsanza ija inali itada kufika pakati pa nsungwi. Anati, "Mayi, apa mwachedwa. Matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu, itanani galimoto yopopa."

Anandifotokozera kuti m'katimo zolemera zimakhazikika pansi, mafuta amayandama pamwamba, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timadya zonyansazo pang'onopang'ono. Madzi okha ndiwo amayenera kudutsa kupita ku soak away, dzenje lija lodzadza miyala, kuti akalowe m'nthaka. Koma tizilomboti sitimaliza zonse. Matope amakwerabe chaka ndi chaka, ndipo akasefukira ku soak away amatseka mipata ya miyala ndi nthaka. Zikatero, kupopa kokha sikuthandizanso, umakumba ina. Pa banja wamba, zaka zitatu mpaka zisanu ndi zokwanira kuti mupope. Nyumba za ana asukulu ku Chikanda, momwe chimbudzi chimodzi chimatumikira anthu khumi ndi kuposa, sizingadikire choncho.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zomwe timataya m'chimbudzimo. Mapampasi a mwana, mapadi, makondomu, majumbo, mafuta okazingira, zonsezi siziwola ngati pepala lam'chimbudzi. Ena amathira oilo wakutha wa galimoto kapena parafini ati kupha fungo, ena Jik botolo lathunthu. Kuteroko ndi kupha tizilombo tomwe timakugwirira ntchito usana ndi usiku, ndipo oiloyo amakathera m'madzi a pansi pa nthaka. Madzi a padenga nawonso asamalowe m'septiki, makamaka kuno kwathu komwe mvula ikayamba sichita masewera. Bulugama kapena mango asabzalidwe pafupi chifukwa mizu imafunafuna chinyezi n'kung'amba khoma. Galimoto isamaime pa silabu yovundikira septiki. Chitsime chikhale patali, mamita 30 kapena kuposa, ndiponso kumtunda.

Ndipo chonde, musamatume mwana wa mnzanu kuti alowe m'katimo ndi chidebe chifukwa wavomera ndalama yochepa. Mpweya wa mmenemo umagwetsa munthu asanafuule n'komwe, ndipo wolowa kukamupulumutsa naye amatsalira momwemo.

Ndikudziwa kuti zinthu zadula, ndipo galimoto yopopa si yotchipa. Koma malandilodi, lendi mumalandira mwezi ndi mwezi. Kupatula kangachepe pa ndalama imeneyo n'kotheka, ndipo oyandikana akhoza kugwirizana kuitana galimoto tsiku limodzi n'kukambirana mtengo. Nthawi yabwino ndi chilimwe, mu Seputembala kapena Okutobala, nthaka ili youma, msewu ukulola galimoto kufika pakhomo. Alendi nanunso, mukaona chimbudzi chikuchedwa kumeza, paipi ikulira kuti khululu, kapena udzu wa pa soak away uli wobiriwira pomwe kwina konse kwauma, nenani msanga.

Mawa ndikukaonana ndi amfumu a dera lija. Mwana wa mwendo m'ngalande uja ndinamutsuka ndi sopo pa mpopi wa nyumba ina, koma anzake awiri anathawa ndisanawagwire.