Dzina lakuti Cashgate linawachitira chifundo akuba

Kukangobuka nkhani yochititsa manyazi m'boma, atolankhani amathamangira kumata "gate" kumapeto kwa liwu lachingerezi, basi dzina lapezeka. Ena amayesa kuti ndi geti lenileni la pampanda. Ayi ndithu. Liwuli linachokera ku Watergate, dzina la nyumba zikuluzikulu za ku Washington, ku America. Pa 17 June 1972 apolisi anagwiramo anthu asanu atathyola ofesi ya chipani cha Democratic. Pulezidenti Richard Nixon anayesetsa kukwirira nkhaniyo, koma inamuthina mpaka anatula pansi udindo mu August 1974. Kuyambira pamenepo mchira wa dzinalo akuumata paliponse: Muldergate ku South Africa, Partygate ya Boris Johnson ku London.

Ife tinaulandira mu 2013, Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, atawomberedwa pafupi ndi nyumba yake ku Area 43. Posakhalitsa ogwira ntchito m'boma ena anayamba kupezeka ndi mipukutu ya ndalama m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba zawo. Kampani yowerengera ndalama ya Baker Tilly itafufuza inapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zinalowa m'matumba a anthu m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, zina mwa izo kudzera m'macheke olipira makampani omwe sanagulitse boma ngakhale bolopeni imodzi.

Ndiye zonsezo tizingoti Cashgate? Ine liwuli silindisangalatsa. Limatchula chobedwacho, cash kapena maize (monga mu Maizegate), koma wakubayo samveka. Kawauzeni agogo kumudzi kuti kwachitika Cashgate, ayesa ndi pulojekiti yatsopano ya boma. Auzeni kuti anthu aba ndalama zogulira mankhwala a kuchipatala, muone nkhope yawo.

Choipitsitsa n'chakuti liwuli lasanduka nthabwala. Munthu akamanga nyumba yosanja mwadzidzidzi, kapena akatulukira ndi galimoto yoti malipiro ake sangaikwanitse, anzake amangoti "za cashgate izi," n'kuseka, ena mochita kusirira. Wolanda foni mu Limbe amamukuwiza kuti "wakuba!" msewu wonse n'kumuthamangitsa, pomwe wa suti tinamupezera dzina lachizungu lomveka bwino m'khutu.

Inde, ena anakalowa, wamalonda Oswald Lutepo anamugamula zaka 11. Koma inu owerenga nkhani za Chichewa pawailesi, ngakhale "kusolola" kwanuko n'kofatsa kwambiri. Muziti kuba ndalama za boma, ndipo khoti likagamula muzitchula ndi dzina la wakubayo.