Ndalama ya m'thumba si chakudya cha mwana wasukulu

Makolo anzanga, maganizo anga ndi akuti tisiye kupatsa ana ndalama m'malo mwa chakudya. Mwana akagwira ndalama m'manja, pa buleki amathamangira majigisi ndi mafirizi. Nthawi ikamakwana 11 koloko m'mimba muli mbee, mutu wagona pa desiki, ndipo mphunzitsi akungolankhula yekha.

Ena amati kusukulu kuli phala. N'zoona, ndipo phalalo lathandiza kwambiri. Bungwe la Mary's Meals linayamba kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo pano likudyetsa ana opitirira miliyoni imodzi m'dziko lino. Koma si sukulu zonse zomwe zili ndi phala, ndipo kapu imodzi singagwire mwana amene wayenda mtunda wautali osalawa kanthu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ana otere akafika ku pulayimale amakhala kale ndi ngongole m'thupi.

Tiyambe ndi phalalo, chifukwa ndi pomwe zambiri zimalakwika. Ufa woyera suyenera phala la mwana. Pokonola ndi kuviika chimanga timataya gaga ndi mtima wa njere, momwe muli mafuta ndi michere yambiri. Gwiritsani ntchito mgaiwa. Muyezo wake ndi wosavuta: mbale zinayi za chimanga, mbale imodzi ya soya, monga momwe Likuni Phala amapangidwira. Soya musamugaye wamuwisi. Ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya bwino zomanga thupi, n'chifukwa chake mwana amatupidwa ndipo phala limanunkha chiwisi mpaka amalikana. Mukazingeni pamoto wochepa mukutakasa mpaka afiire pang'ono ndi kuyamba kununkhira, mumusinje mopepuka kuti makoko achoke, mupete, kenako mupite naye kuchigayo pamodzi ndi chimangacho.

Mtedza musaugayire limodzi. Mafuta ake amachititsa ufa kuyamba fungo msanga. Nsinjiro muzithira pophika, sipuni yaikulu imodzi kapena ziwiri pa kapu ya mwana mmodzi. Ndipo sankhani mtedzawo njere ndi njere. Wofota, wakuda, wosweka ndi wowawa umakhala ndi chuku, ndipo poizoni wa chuku safa ndi moto. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Zimandipweteka kuti m'makomo ambiri mtedza wabwino umapita kumsika, wotsalira ndi womwe umasinjidwira ana.

Phala likhale lolimba, losayenderera pa sipuni. Komiti ya sukulu ikaona kuti ufa wachepa, chizolowezi ndi kuonjezera madzi kuti aliyense alandire kapu yodzaza. Mimba imadzazadi, koma ndi madzi. Nthawi yogawira nayonso ndi yofunika. Phala loperekedwa ana asanalowe m'kalasi kapena pa buleki yoyamba limagwira ntchito pa maphunziro a tsiku limenelo. Loperekedwa pafupi ndi nthawi yoweruka limangomuperekeza mwana kwawo. Amayi ophika akamachedwa chifukwa cha nkhuni zonyowa m'dzinja, komiti imange kachisakasa kosungiramo nkhuni mvula isanayambe.

Nanga m'chikwama tiikemo chiyani? A zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Simungalongedze onse m'kakontena kamodzi, koma atatu ndi otheka. Mbatata yophika iwiri yapakati, mtedza wokazinga wodzaza dzanja, ndi gwafa. Kapena chinangwa chophika, dzira limodzi ndi nthochi. Mbatata ikhale yofiira mkati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, chifukwa ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi. Dzira lisiyeni m'chikoko, mwana akasende yekha, limakhalitsa choncho.

Chigumu ndimachikonda kuposa mandasi. Makapu awiri a mgaiwa, nthochi zinayi zakupsa kwambiri zofinya, theka la kapu ya nsinjiro, dzira limodzi, kasoda ndi kamchere pang'ono. Shuga safunika wambiri, nthochi zatsekemera kale. Mukaphika madzulo mumadula magawo okwanira ana masiku awiri. Soda akachuluka chigumu chimawawa ndipo chimasanduka chachikasu.

Chakumwa chikhale madzi abwino m'botolo lotsukidwa ndi sopo tsiku lililonse, kuphatikizapo chotsekera chake, momwe mumabisala litsiro lakuda lija. Madzi a malambe kapena a bwemba ndi abwino mukawapanga ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala; a malambe ali ndi vitamini C wothandiza thupi kutenga ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, m'zakudya. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezi, amatchinga ayironi, choncho musamuphatikize ndi chakudya cha mwana wooneka wochepa magazi. Tisaiwale kuti mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Mafirizi opangidwa ndi madzi osadziwika kochokera si masewera.

Za mpunga ndi nyemba zotsala dzulo, chonde samalani, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Chakudya chophika sichiyenera kukhala pamalo otentha kupitirira maola awiri. Mukachitsekera chikadali chofunda, nthunzi imasanduka madzi pa chivundikiro n'kugweranso m'chakudya, ndipo pofika buleki chayamba kusasa. Mpunga ndi woopsa kwambiri chifukwa umatha kudwalitsa usanayambe n'komwe kununkha. Ngati mulibe fulasiki ya chakudya, longedzani zouma ndi zoziziritsa bwino: mbatata, chigumu, mtedza, zipatso zosasenda. Mango odulidwa m'mawa amafika atalobodoka ndipo amaitana ntchentche, choncho atsukeni n'kuwapereka athunthu.

Kontena ikabwera yosakhudzidwa, musafulumire kukalipa. Funsani. Nthawi zambiri mwana amachita manyazi kutulutsa mbatata pakati pa anzake omwe ali ndi zogula m'sitolo. Vuto limeneli kholo limodzi silingalithetse. Likambidwe pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo ogulitsa pageti apemphedwe kubweretsa nthochi, mtedza ndi zitumbuwa zovundikira bwino.