Ana inu, bwezani mabuku a eni

Ndakhala ndikumeza malovu kwa nthawi yaitali, koma lero mundilole ndilankhule. Ine ndinapuma kale pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo masiku atatu pa sabata ndimakhala pa tebulo la kalaibulale ka m'dera lathu kuno ku Lusaka, kulemba mayina a obwereka mu kaundula ndi kudinda deti lobwezera. Salipira munthu pamenepo. Ndimapitako chifukwa kunyumba kumandisungulutsa, komanso chifukwa mabuku ndiwo anandichotsa kobusa mbuzi ku Katete. Tsono zimene maso anga akuona pa tebulo limeneli zafika poti ndikutsineni khutu, wakwiya akwiye.

Lachiwiri lapitali kunabwera mnyamata, wandevu zake kale, kudzabweza buku la Biology limene anatenga mu Malichi. Pano tili mu Okutobala. Kwathu kuno timabwereketsa kwa masabata awiri. Analitulutsa m'pulasitiki momwe munalinso tomato ndi kapenta, chikuto chitapindika ngati nsapato yogona pamvula. Nditatsegula, masamba apakati anali atamatirana ndi phula la kandulo, pakona pali chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi. Pamene panayenera kukhala chithunzi cha mtima wa munthu panalibe tsamba. Silinang'ambike mwangozi ayi, linachita kudulidwa ndi lezala mowongoka bwino, ndi munthu wodekha amene ankadziwa chimene akuchita.

Ndinati, "Mwanawe, nanga walimaliza?"

Iye n'kuseka. "Agogo, mpata unasowa. Tsiku lija ndinatenga anayi, ndiye ndimati ndiyambe ndi linalo."

"Atatuwo ali kuti?"

"Limodzi lili kwa mnzanga ku Matero. Enawo ndikafunafuna."

Ndikafunafuna! Ngati akunena za sokosi.

Chimene mnyamatayu sakudziwa n'chakuti pa miyezi imeneyi mtsikana wina wa Giredi 12 anabwera kasanu kudzafunsa buku lomwelo. Amabwera wapansi, fumbi lili mbuu m'miyendo, kuima pa tebulo langa mwaulemu n'kufunsa kuti, "Agogo, lija labwera?" Kasanu konse ndinamuyankha kuti sanabweze. Ulendo womaliza sanafunse n'komwe, anangondiyang'ana, ine n'kupukusa mutu, iye n'kutembenuka. Mayeso ake ndi omwe afikawa. Buku linali limodzi lokha, ndipo linagona miyezi isanu ndi iwiri pansi pa bedi la munthu amene sanaliwerenge.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Ambiri a inu si mbala, ndikudziwa. Vuto lanu ndi maso akulu kuposa mimba. Mukalowa mu laibulale, kafungo ka mapepala kakakugundani, mtima umadumpha, mumaganiza kuti mwezi uno ndiye ndisintha moyo. Mutenga la mbiri, la bizinesi, la nthano, la zaulimi wa nkhuku, n'kutuluka mutakumbatira mulu pachifuwa ngati mwana wakhanda. Mumati mukukonza zowerenga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kufika kunyumba foni yalira, mpira wayamba, kwa azakhali kwagwa maliro, mulu uja wakhala poikapo rimoti ya TV. Masabata awiri akatha manyazi akugwirani, mukuti ndibweza bwanji ndisanawerenge, ndidikire kaye. Mwezi ukatha mwayamba kuopa faindi. Miyezi itatu ikatha mwayamba kulambalala njira yodutsa ku laibulale, ndipo mukandiona pa sitolo mumayang'ana kumbali ngati ndimakutsatani ngongole ya mchere. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Kukonzeka kuwerenga kumachitikira papepala, osati m'chikwama. Ine ndili ndi kabuku kam'thumba, kachikuto chofiira, kofanana ndi kamene amayi a pa msika amalembamo angongole. Ndikamva za buku labwino, kaya pa wailesi, kaya kwa mnzanga, kaya ndaliona pa shelefu ndikufuna lina, ndimalemba mutu wake, dzina la wolemba ndi nambala ya pamsana pake. Basi. Buku limatsala pamalo pake kuti wina aliwerenge, ine n'kutenga limodzi lokha. Ndisanalembetse ndimakhala kaye pansi, kuwerenga masamba awiri kapena atatu oyamba, kuona m'ndandanda wa mitu, kenaka kudzifunsa moona mtima kuti pa masiku khumi ndi anayi akubwerawa ndili ndi mpata wanji. Buku la masamba 280 likufuna masamba 20 tsiku lililonse. Ngati sabata imeneyo kuli ukwati wa mdzukulu, sinditenga lalikulu. Ndikafika pakati pa limene ndili nalo, ndipamene ndimatsegula kabuku kanga kuona lotsatira, ndipo ngati lili kunja ndimalembetsa dzina kuti likabwera andisungire. Pambali pa mutu uliwonse ndimalembanso chifukwa chimene ndalifunira, mawu atatu kapena anayi, popeza pakapita miyezi munthu umaiwala chimene chinakukopa. Mitu ina ndimadzaifufuta ndekha, chilakolako chitatha, ndipo palibe mwana amene anavutika nacho chilakolako changacho.

Ngati buku lakukanikani, libwezeni lisanathe. Palibe amene adzakufunseni mayeso pakhomo. Ngati mukulikonda koma masiku achepa, bwerani nalo tikuwonjezereni masiku, ndi ntchito ya mphindi imodzi, bola pasakhale wina wolidikira. Chimene sindifuna kumva ndi chakuti munalipereka kwa mnzanu. Dzina lili mu kaundula ndi lanu. Mnzanuyo adzapereka kwa mlamu wake, mlamuyo adzapita nalo ku Chipata pa tchuthi, ndipo mapeto ake tidzakumana nalo lili pansi pa msewu mutauni, pakati pa mabuku akale ogulitsa, chidindo chathu chitafufutidwa ndi inki. Ndinalionapo limodzi ndi maso angawa. Ndinaligula ndi ndalama yanga kulibwezera kwawo, mtima ukuwawa.

Pali ena ochenjera mwa njira ina, makamaka ana asukulu nyengo ya mayeso ino. Satulutsa buku ayi. Amalichotsa pamalo pake n'kukalibisa kuseri kwa mabuku a chipembedzo kuti mawa adzalipeze okha. Imvani ndikuuzeni chimene mumachita. Nambala ija ya pamsana pa buku si yokongoletsa. Malaibulale ambiri amatsata dongosolo limene Melvil Dewey wa ku America anatulutsa mu 1876, logawa nzeru zonse m'magulu khumi: za chipembedzo zimakhala mu 200, sayansi mu 500, za umisiri, zaumoyo ndi zaulimi mu 600, zolembalemba monga ndakatulo ndi masewero mu 800, mbiri ndi za maiko mu 900. Nambalayo ndi keyala ya buku, ngati nambala ya nyumba ku Chilenje kapena ku Kabwata. Buku la masamu la mu 510 mukaliika pakati pa a 200, kwa ife latayika, ngakhale lili m'chipinda momwemo. Tidzauza anthu kuti kulibe, mwina mpaka chaka, kufikira tsiku limene tidzatsitse zonse popukuta fumbi. Ndipo wobisayo nthawi zambiri sabweranso, waiwala.

Za kudula masamba ndiye sindikumvetsa n'komwe. Kale tinkakopera ndi dzanja, chithunzi chonse cha mtima ndi mitsempha yake, ndipo pokoperapo m'pamene zinkalowa m'mutu. Lero pafupifupi aliyense ali ndi foni yojambula, ndipo malo opangira fotokope ali paliponse. Chifukwa chotengera lezala n'chiyani? Tsiku lina ndinagula zitumbuwa pa siteji ya minibasi, mayi uja n'kundikulungira m'pepala. Ndikuyang'ana, ndi tsamba la buku la Geography, pakona pali theka la chidindo chofiirira cha laibulale, mafuta atalowerera pa mapu a mtsinje wa Kafue. Mayiyo sindimuimba mlandu, iye anangolandira mapepala. Koma alipo mwana wa munthu amene anatulutsa bukulo ndi dzina lake, akulonjeza kuti adzabweza.

Mwina mukuganiza kuti mabuku ndi ambiri, boma ligula ena. Tawerengani malaibulale amene munthu wamba angalowe mumzinda uno wa anthu opitirira 2 miliyoni. Ilipo ya khonsolo mutauni, mu msewu wa Katondo. Ilipo yaikulu ya ku UNZA, koma imeneyo kwenikweni ndi ya ophunzira ndi aphunzitsi a pa yunivesite. A bungwe la Lubuto anatsegula ya ana ku Kamwala mu 2007, kenaka ina ku Garden. Kupatula apo, ambiri ndi tizipinda ta m'masukulu, ta m'matchalitchi ndi ta m'madera ngati kathuka, todalira mabuku opatsidwa. Zambia Library Service inayamba mu 1962, dziko lisanalandire ufulu, ndipo ife amene tinakula nthawi imeneyo tinkagwira buku ndi manja osamba. Buku latsopano la sukulu lero mtengo wake kholo limayamba laganiza za thumba la ufa. Likatayika pa shelefu yathu, malo ake amakhala choncho, ngati dzino logweruka la munthu wamkulu.

Chimene chimandipweteka koposa ndi timabuku ta Chinyanja. Ta Chingerezi mwina mzungu wina adzatumiza bokosi. Koma tija takaleti, topyapyala, tosindikizidwa kuno kwathu ndi ku Malawi zaka makumi angapo zapitazo, ta nthano, miyambi ndi mbiri ya makolo, tambiri simungatipezenso m'sitolo. Tinali nato pang'ono pa shelefu ya pafupi ndi zenera. Tatsala towerengeka. Kamodzi kanabwera kali ndi nambala za foni ndi mawerengero a chilimba kuseri kwa chikuto.

Mvula ili pafupi, choncho ndinenenso ichi. Inu a ku Kanyama ndi madera ena kumene madzi amalowa m'nyumba, buku lisagone pansi kapena m'katoni ya pansi pa bedi. Likanyowa limafufuma, limachita nkhungu, silibwereranso. Pokwera minibasi likulungeni m'pulasitiki yakeyake, osati ya ndiwo. Musaliyanike pa mbaula. Magetsi akathima, monga tinazunzikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, kandulo muziika m'mbale patali, osati kuidontheza pa tsamba. Chiswe ndi mphemvu nazo zimakonda buku lokhala malo amodzi osagwedezeka. Musapinde kona ya tsamba, ikani kapepala. Musanyowetse chala ndi malovu potembenuza. Ndi zazing'ono, koma buku limodzi limayenera kudutsa m'manja mwa anthu ochuluka lisanakalambe.

Makolo, nanunso simupulumuka. Mwana wabwera ndi buku lachidindo, mwaliona pa mpando mwezi wathunthu, simufunsa kuti ndi la yani ndipo libwerera liti. Mphika wa aneba mukabwereka mumabweza wotsuka dzuwa lisanalowe, chifukwa mukudziwa kuti mawa mudzafunanso. Ena mwa inu ndinu amene mumang'amba tsamba lakumapeto kuyatsira makala. Ndipo abambo ena amatuma mwana kudzatenga buku pa khadi la mwanayo, iwo n'kulitaya, chiletso n'kugwera mwana.

Ndisadziyeretse ndekha. Ndili mnyamata ku sekondale ndinabwereka buku la nyenyezi, lokhala ndi zithunzi zokongola, ndipo ndinapita nalo kumudzi pa tchuthi ngakhale lamulo linkaletsa. Ndinaliika pa denga la nkhokwe ndikuthamangira ng'ombe zolowa m'munda, mvula n'kugwa. Ndinaopa, ndinalikwirira kuseri kwa khola, n'kukanama kuti ndinabweza. Mphunzitsi woyang'anira mabuku, bambo wofatsa, anangondiyang'ana nthawi yaitali n'kulemba kanthu mu kaundula. Ndinadzamva pambuyo pake kuti analipira yekha. Anamwalira ndisanapepese. Ndiye ndikamakuonani mukulambalala njira, ndimadziwa chimene chili m'mimba mwanu.

N'chifukwa chake tagwirizana ndi anzanga a pa tebulo kuti mwezi uno wonse tiika katoni pakhomo, kunja, pansi pa khonde. Ponyanimo buku lililonse la chidindo chathu, kaya linatuluka chaka chatha kaya zaka zisanu zapitazo, kaya lanyowa kaya latsala theka. Sitifunsa dzina, sitilipiritsa faindi, ine ndidzakhala mkati nditayang'ana kukhoma. A malaibulale ena abwezeni kwa eni ake, musatisenzetse. Mwezi ukatha ndidzatsegula kaundula, ndipo mayina otsala ndidzayenda nawo khomo ndi khomo ndi ndodo yangayi, popeza ambiri a inu makolo anu ndinawaphunzitsa ndine.

Iwe wa ku Matero uli ndi buku la Chemistry la chikuto chobiriwira, mnzako wakutchula kale. Loweruka timatsegula 9 koloko.