Kafukufuku saphunziridwa pa bolodi

Anzanga amene mukuchita masitazi kapena PhD, ndi inu aphunzitsi amene mumawayang'anira, pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere. Wophunzira akakakamira pa thesis, lipoti lalikulu la kafukufuku wake, kwa zaka, timafulumira kunena kuti ndi waulesi kapena mutu wake sugwira. Ine ndikukana. Nthawi zambiri vuto lili pa momwe timaphunzitsira kafukufuku.

M'mayunivesite ambiri kosi ya njira zochitira kafukufuku imabwera koyambirira penipeni, munthu asanadziwe n'komwe chimene adzafufuze. Amaloweza matanthauzo, amalemba mayeso, amakhoza bwino lomwe. Kenako pamadutsa chaka. Tsiku lina amakhala pansi ndi katoni yodzaza mapepala a mafunso amene anthu ayankha. Pa funso la zaka, ena alemba zaka zawo, ena alemba chaka chimene anabadwa, ena angodumpha. Funso lina likuoneka kuti theka la anthu analimva mwina, theka linanso mwina. Atsegula notsi za kosi ija, mulibe chilichonse chonena za zimenezi. Atumiza chaputala kwa supavaiza, chibwera patatha miyezi chili ndi chizindikiro cha funso m'mbali ndi mawu awiri okha: "konzani apa". Akonze chiyani? Palibe amene anamuonetsapo.

Zili ngati kuphunzitsa munthu kupalasa njinga pomujambulira njingayo pa bolodi.

Chimene ndimafuna chitachitika n'chakuti wophunzira aliyense, asanalembe proposal yake, ndiye kuti pulani ya kafukufuku wake, apatsidwe kafukufuku wa munthu wina amene anasindikizidwa kale, auzidwe kuti amubwereze yekha kuyambira pa data mpaka pa zotsatira. Zimenezi zinachitikapo, ndipo zinagwedeza dziko. M'chaka cha 2010 akatswiri awiri otchuka a zachuma, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anatulutsa pepala lonena kuti ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pachaka, chuma chimasiya kukula bwino. Andale a ku America ndi ku Ulaya analigwiritsa ntchito poikira kumbuyo zodula ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito. Ndiye kunali wophunzira wina wa PhD pa University of Massachusetts Amherst, dzina lake Thomas Herndon, amene m'kalasi anapatsidwa ntchito yobwereza pepala lililonse limene angasankhe. Anasankha limeneli. Anayesa, manambala osagwirizana. Anayesanso, chimodzimodzi. Pomaliza anapempha fayilo ya Excel kwa eni akewo, iwo n'kumutumizira. Atayang'ana bwino anapeza kuti powerengera avereji, mayiko asanu anatsala kunja: Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Panalinso mavuto ena pa kasankhidwe ndi kawerengedwe ka data. Zonse zitakonzedwa, nambala imene inkaonetsa kuti m'mayiko a ngongole yaikulu chotero chuma chimatsika ndi 0.1 peresenti inasanduka kukula kwa 2.2 peresenti. Iye ndi aphunzitsi ake awiri anatulutsa zimenezi mu 2013.

Chimene chimandisangalatsa pa nkhaniyi si kulakwitsa kwa akuluakuluwo ayi. Ndi zimene mnyamatayo anaphunzira m'miyezi imeneyo: kusakasaka data, kuitsuka, kudzikayikira, kuyambiranso, kulemba kalata yaulemu kwa akuluakulu yopempha kuona ntchito yawo, ndiponso kulimba mtima manambala akamanena zosiyana ndi zimene aliyense amakhulupirira. Ndi mayeso ati a m'kalasi amene angamupatse munthu zimenezi?

Ndipo musaganize kuti zoterezi zinangochitika kamodzi kokha. Mu 2015 gulu lalikulu la ofufuza linabwereza kafukufuku 100 wa maphunziro a psychology amene anasindikizidwa m'majonale (magazini a kafukufuku) odziwika, ndipo pafupifupi 36 peresenti yokha ndiyo inatulutsanso zotsatira zooneka zamphamvu ngati poyamba. Wophunzira amene sanauzidwepo zotere amawerenga pepala lililonse ngati lemba loyera, n'kumangokopera kuti "wakutiwakuti anapeza kuti", osafunsa kuti anafunsa anthu angati, anawasankha bwanji, anasiya ndani.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene timadya miyezi ya anthu popanda chifukwa. Mpaka lero ndimaona ophunzira akulemba pamanja mndandanda wa mabuku amene agwiritsa ntchito, mmodzimmodzi, usiku woti mawa akapereka thesis, pamene Zotero, pulogalamu ya pakompyuta imene imagwira ntchito imeneyi, ilipo kuyambira 2006 ndipo ndi yaulere. Kumuonetsa munthu kagwiritsidwe ntchito kake sikungathe n'tsiku lomwe. Kusunga data m'malo awiri kapena atatu, kusakhudza fayilo yoyambirira, kulemba chilichonse chimene wasintha ndi tsiku lake, zonsezi aphunzitsi amaganiza kuti aliyense amazidziwa. Sazidziwa. Amazidziwa laputopu itabedwa.

Za majonale achinyengo ndiye zimandipweteka kwambiri. Wophunzira amalandira imelo yomutamanda, yomulonjeza kuti pepala lake lituluka m'masiku ochepa akangolipira. Amalipira mosangalala, osadziwa kuti palibe katswiri amene analiwerenga, ndipo mawa pofuna ntchito dzina la jonaleyo lidzamuchotsera ulemu. Jeffrey Beall, wogwira ntchito mulaibulale pa University of Colorado Denver, anasunga mndandanda wa osindikiza otere kwa zaka zingapo mpaka anauchotsa pa intaneti mu 2017. Vutolo silinathe. Masiku ano kwawonjezekanso mapulogalamu a AI amene amatha kupeka dzina la pepala, wolemba ndi chaka, zonse zooneka zenizeni, koma pepalalo kulibe. Wophunzira ayenera kuzolowetsedwa kuti chilichonse chimene wachitchula akhale kuti wachitsegula ndi kuchiwerenga yekha.

Sindikuloza chala ma supavaiza okha. Ambiri ali ndi ophunzira ochuluka, makalasi, misonkhano, komanso kafukufuku wawo. Chinanso, iwowo palibe amene anawaphunzitsa kuyang'anira wophunzira. Anangopatsidwa udindowo atangomaliza PhD, ndiye amachita momwe anawachitira iwo. Yunivesite imene imalandira fizi ya masitazi iyenera kuwaphunzitsa, ndi kuwerengera nthawi yokhala pansi ndi wophunzira ngati ntchito yeniyeni.

Kosi ya kafukufuku ija isathere m'chaka choyamba. Ibwerenso pamene wophunzira akulemba mafunso ake, awayese kaye pa anthu ochepa aone amene sakumveka. Ibwerenso data ili m'manja, aliyense abwere ndi fayilo yake m'kalasi, aitsegule pamaso pa anzake, mphunzitsi ali pompo, aziona limodzi mzere ndi mzere.