Magemu atsopano: kwathu kuno ndi kwa anzathu a ku Chipata

Ine ndimakhala pa Mchinji boma, msuweni wanga ali ku Chipata, kungodutsa pa Mwami. Chilankhulo n'chimodzi, ndalama zathu zonse dzina lake ndi kwacha, koma ikakwana September, mwezi umene gemu ya mpira ya EA Sports FC yatsopano imatuluka, m'pamene ndimaona kuti tili m'mayiko awiri osiyana.

Poyambira timafanana. Pa PlayStation Store, sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu, palibe Malawi, palibenso Zambia. Tonse timatsegula akaunti ngati anthu a ku South Africa kapena ku America, kenako n'kumasaka gift card, khadi loikira ndalama mu akauntiyo. Nkhani imasiyana pa kalipiridwe. Gemu yatsopano ya makina a PlayStation 5 (PS5) imakhala pa $69.99. Kwacha yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi inafika cha m'ma K1,700 kubanki, ndiye mukawerengetsa ndi ndalama pafupifupi K120,000. Koma dola ya mtengo umenewo mukaipeza kuti? Ine khadi langa lakubanki linakana kawiri konse ndikufuna kugula EA Sports FC 25, ndipo ndinathera kwa anyamata ogulitsa ma gift card pa WhatsApp, omwe amawerengera mtengo wa pamsika wamseri. Ndinalipira kuposa kawiri mtengo uja. Msuweni wanga tsiku lomwelo anangolowetsa khadi lake la Visa pa intaneti n'kugula gift card, madzulo n'kunditumizira chithunzi akusewera. Zinandiwawa, sindinama, chifukwa ndalama ndinali nazo, thukuta langa, koma njira yolipirira ndiyo inali yotseka.

Komatu kwawoko si kumwamba. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ku Zambia ankazima pafupifupi tsiku lonse. Gemu msuweni wanga anagula msanga, koma ankadzuka pakati pa usiku kuti aitsitse magetsi akayaka.

Chimene ife tili nacho, chomwe sindingasinthanitse ndi khadi lililonse, ndi disiki. Wina akamachokera ku Joni pa basi amatitengera imodzi, nthawi zambiri yogwiritsidwa kale ntchito. Disiki imodziyo imazungulira: sabata ino ili kwa ine, yamawa ili ku Kamwendo, kenako mwini wake amaisinthanitsa ndi ina n'kuwonjezera kangachepe. Ana amene sangagule makina amalipira tindalama tochepa pa tishopu ta PS4 n'kumenya mpira wawo. Msuweni wanga ali ndi magemu ambiri kuposa ine, koma onse ndi otsitsa pa intaneti, ndipo sangagulitse ngakhale imodzi akatopa nayo. Kuno wogula amakhala mmodzi, osangalala khumi.

N'chifukwa chake gemu ya Grand Theft Auto VI (GTA VI) ikundisowetsa tulo. GTA V inatuluka mu 2013, ena mwa amene akuisewera lero anali asanayambe sukulu. Kanema woyamba wa yatsopanoyi tinamuona mu December 2023, ndipo Rockstar, kampani yopanga gemuyi, yasuntha tsiku loitulutsa kawiri, kuchoka mu 2025 kupita pa 26 May 2026, kenako pa 19 November 2026. Ikubwera pa PS5 ndi Xbox Series X/S, pa PS4 ayi, pamene makina ambiri amene ndimaona pa boma pano ndi a PS4. Ine ndi anzanga anayi tayamba kale kusonkherana mwezi ndi mwezi kuti tigule PS5 imodzi, ndipo tagwirizana kuti ikhale yolowa disiki. Ndalamazo zikakwana, msuweni wanga ndi amene akalipire ndi khadi lake, ife tidzakalandire pa Mwami.