Masamu a ana kwathu kuno, ku Taifa ndi ku Zambia

Mayi wina amene ndimagulako zitenje mu Taifa Market muno mu Mzuzu anabwera ndi kamwana kake pa holide, kazaka 7 mwina, kochokera ku Kyela uko kungowoloka Songwe. Ine ndikuvutika ndi chenji pa foni, iko kawerengera kale pakamwa, ishirini, thelathini, mpaka kundipatsa yankho. Manyazi anandigwira ndithu poti ine ndi mphunzitsi wa Sitandade 3 ndipo ana anga ambiri kuwapatsa 42 kuchotsa 17 amayamba kujambula timizere 42 m'kope.

Sikuti ana a ku Tanzania anabadwa ndi mitu ina ayi. Kwawoko pulayimale ya boma amaphunzira m'Chiswahili, ndiye nambala imene mwana wamva pamsika ndi yomweyo akaipeza m'buku. Ife mwana wa ku Chiputula kunyumba amayankhula Chitumbuka, kusukulu timamulankhula Chichewa, nambala timatchula pa Chingerezi, ndiye kamutu kamodzi kakusenza zilankhulo zitatu masamu asanayambe nkomwe. Komanso kuyambira 2015 iwo anachepetsa zophunzira m'makalasi awiri oyambirira kuti atsindike zitatu basi zimene amati KKK, kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Ali ndi makatuni awonso a Ubongo Kids opangidwa ku Dar es Salaam, ali pa YouTube, ndinawaonetsako ana anga pa foni koma bandulo inatha tisanafike pakati, nanga ana odzaza kalasi angaonere kafoni kamodzi?

Za ku Zambia ndiye zimene zandigwira mtima kwambiri, ndinazimva kwa msuweni wanga amene amaphunzitsa cha ku Lundazi. Kumenekonso ana ndi Atumbuka koma kusukulu amakumana ndi Chinyanja, vuto lathu lomweli. Iwo ali ndi pologalamu ya Catch Up imene anayamba kuyesa mu 2016 potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amawayesa mmodzimmodzi kenako kuwagawa malinga ndi zimene akudziwa osati kalasi imene ali, wa Giredi 5 amene sadziwa kuchotsera amakhala pansi ndi wa Giredi 3 popanda zochititsana manyazi, ndipo zida zake ndi timitengo tomanga mitolo ya khumikhumi. Ndinaseka atandiuza, si TALULAR yathu yomweyi imeneyi, yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, imene tinaimba ku koleji mpaka kutopa? Kusiyana kwake nkoti iwo anaipatsa nthawi yakeyake, ife timathamangira kumaliza silabasi.

Kumbali ya zamakono sitili m'mbuyo ayi. Matabuleti ophunzirirapo ana a bungwe la onebillion anayesedwa kuno kalekale, ndipo mu 2019 bungweli linapambana nawo mpikisano wa XPRIZE umene anayesera m'midzi ya ku Tanga ku Tanzania komweko. Pano boma likuwafalitsa m'sukulu za pulayimale kudzera mu pologalamu ya BEFIT, oyendera sola, osalira intaneti, mwana amavala mahedifoni n'kumayenda pa liwiro lake. Kusukulu kwathu sanafike, tikudikirabe.

Ndiye temu ino ndabera za a Zambia. Lachitatu lililonse tikaweruka ndimatsala ndi ana amene timizere sitikuwachoka, aliyense amabwera ndi timitengo ndi malabala odula ku chubu chakutha cha njinga. Mitolo inayi ndi tiwiri, chotsa 17, ndiye pamafunika kumasula mtolo umodzi. Kamtsikana kena kamene sikayankhula m'kalasi kanamasula mtolo, kuwerenga zotsala, kenako kundiyang'ana n'kufunsa m'Chitumbuka ngati kubwereka kumene ndimanena pa bolodi kuja ndi kumeneku. Sabata yamawa tiyesa ndi zitsekerero za mabotolo chifukwa timitengo tanyowa ndi mvula ya kunoyi ndipo tina tayamba kale nkhungu.